Chipsera cha Pakhosi Panga

Mwanza Boma
Lachinayi masana

Zione mwana wanga,

Ndatseka shopu msanga lero. Iwe wapita ku Kanduku kukatsanzika mayi ako aakulu, ndipo ndikudziwa kuti sakulola kubwerera dzuwa lisanapendeke. Ndakhala pakhonde ndi kope lomwe ndimalembamo miyeso ya anthu, ndang'ambamo mapepala a pakati. Mawa m'mawa ukwera minibasi ya ku Blantyre, kenako basi ya ku Karonga kukayamba koleji ya uphunzitsi. Ine Karonga ndimangomumva pa wailesi akamanena za kutentha. Zomwe ndikulembazi ndayesa kangapo kukuuza pakamwa, koma ndikati ndiyambe iwe umadzuka kukatsuka mbale, ine n'kumeza mawu. Choncho uwerenge uli m'basi, momwe mulibe mbale zoti ukatsuke.

Chipsera chili pakhosi pangachi wakhala ukuchiona zaka zonsezi koma sunandifunsepo, inenso sindinakuuzepo. Uli mwana unamva kuti mayi ako anazungulira mutu. Ena anakuuza kuti anandilodza. Lero ndikuuze ndekha, chifukwa nkhaniyi ikukukhudza iwenso, thupi lako lomwe.

Zinayamba chaka chomwe unalowa sitandade wani. Inali nthawi ya kampeni, amayi a boma lonse akufuna madiresi a nsalu za zipani zawo, uyu mtundu uwu, uyo mtundu wina, aliyense akuti lake likhale litatha msonkhano usanafike. Ndinkaponda makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo osamva kutopa. Anthu ankandiyamika kuti Dorika ali ndi injini m'thupi, ine n'kumanyada. Njala inkandigwira ngati sindinadye masiku awiri. Ndinkadya, pakapita ola limodzi n'kugula chinangwa, kenako zitumbuwa, koma thupi likupitabe. Madiresi anga ndinawabweza m'chiuno kawiri. Mu Juni, anthu onse a Mwanza atavala majuzi, ine ndinkadzikupiza ndi katoni, thukuta lili kamukamu. Mtima unkagunda ngati ndikukwera phiri pomwe ndangokhala pampando. Kenako manja anayamba kunjenjemera, ulusi n'kumakana kulowa pa singano. Ukukumbukira kuti unkandilowetsera ndiwe ukaweruka kusukulu? Unkatulutsa kalilime panja, diso limodzi utatsinzina, ukalowetsa n'kunena kuti, "Ndawina!" Zonsezi ine ndinkati ndi kuchuluka kwa ntchito. Uku kunali kulakwa kwanga koyamba. Mwana wanga, thupi likasintha khalidwe popanda chifukwa, usalipezere wekha chifukwa. Ukafunse odziwa.

Bambo ako nthawi imeneyo ankagwira ntchito kuboda, kuthandiza madalaivala a mathiraki pa mapepala a katundu. Zaka zimenezo munthu akangoonda, anthu ankamaliza okha nkhani yake. Ndikadutsa pamsika amayi ankatsitsa mawu. Tsiku lina ndinamva wina akuti, "Nanga mwamuna wa kuboda mumati abweretsa chiyani kunyumba?" Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinakhulupirira kuti ndili ndi kachilombo ndipo andipatsa ndi bambo ako. Akachedwa pang'ono ndinkawalandira ndi mawu pakhomo. Iwo anali munthu wofatsa, ukuwadziwa. Lamulungu lina titabwera kutchalitchi anandikhazika pansi.

"Amake Zione, tiyeni tonse kuchipatala mawa. Akatiyeze tonse awiri, tidziwe chomwe chikukudyani."

"Mukayezetse ndi akazi anu a ku Zobue," ndinawayankha.

"Akazi ake ati? Mwawaona kuti?"

"Ndawaona pathupi langali."

Anapirira pafupifupi chaka. Tsiku lomwe ndinawatayira zovala panja, anazitola chimodzichimodzi, kuzikung'untha fumbi, kuziika m'chikwama. Anakunyamula iwe, anakugwira nthawi yaitali, kenako anapita. Pomwe ndinkadzayezedwa n'kupezeka kuti kachilomboko ndilibe, iwo anali atamanga kale banja lina kutsidya. Akazi a ku Zobue omwe ndinkawanamizira aja ndinachita kuwapezera ndine. Mpaka lero ndikamva thiraki ikuliza hutala potsikira kuboda, ndimadzutsa mutu pamakina. Zione, matenda sayezedwa pamsika. Ndipo munthu akadzakuuza kuti tiye tonse kuchipatala, ameneyo amakukonda. Udzapite naye.

Tsopano ndifike pomwe dzanja langa likulemera kulemba. Linali Loweruka, ndili ndi diresi la mkwatibwi loyenera kutha tsiku lomwelo. Ndinakutuma kuti unditengere chitini cha mabatani. Unapunthwa pachitseko, chitini chinatseguka, mabatani anamwazika khonde lonse, ena kugubuduzika mpaka mungalande. Zinali zazing'ono, mwana aliyense akanatha kugwetsa. Koma m'mutu mwanga munangoti phuu, ngati moto wagwira udzu wouma. Ndinatenga rula yamatabwa yoyezera nsalu. Sindinasiye mpaka mayi wina wogulitsa manachesi pafupi ndi shopu anathamanga kudzandigwira mkono. Chomwe sindiiwala si kulira kwako. Ndi choti utatha kulira unagwada n'kuyamba kutola mabataniwo limodzilimodzi, ukundiyang'ana cham'mbali kuti uone ngati ndikubweranso.

Nkhani inafika ku Kanduku. Lolemba mayi ako aakulu anatulukira pa njinga, fumbi mpaka m'mawondo. Sanakhale n'komwe pansi.

"Dorika, mwanayu ndapita naye. Ukachira udzamutenge."

"Ndikudwala chiyani ine, achemwali?"

"Tachotsa kaye mpango uli m'khosiwo, udziyang'ane pagalasi."

Mpangowo ndinkauvala kubisa chotupa chomwe chinayamba kutuluka kutsogolo kwa khosi. Maso anganso anali atatong'oka, ngati munthu amene wadzidzimuka kosatha. Ndinkadziwa kuti ana a anthu akundiopa, koma sindinkaganiza kuti wanganso akundiopa. Anakukweza pa keliyala, kathumba ka zovala zako pamiyendo. Ndinaima pamsewu mpaka njinga inakhota. Iwe sunacheuke.

Pambuyo pake ndinataya miyezi ingapo kwa sing'anga wina wa kumapiri. Anati mnzanga wa ntchito yosoka wandiponyera chinthu m'khosi chifukwa cha nsanje. Ananditema mphini, anandipatsa mizu yowawa yomwe inangowonjezera kutsegula m'mimba komwe ndinali nako kale. Ndinasiya kuyankhulana ndi mayi wosalakwa yemwe tinkabwerekana sizasi. Apa sinditalikitsa, ndimachita manyazi. Ndingoti matendawa alibe mwini wowatumiza.

Chomwe chinandipulumutsa n'choti ndinagwa. Ndinapita kumsika kukagula zipi, ndinangoona mdima, podzuka ndili pabedi kuchipatala. Anandiona dokotala wina wachikulire wa imvi. Anagwira dzanja langa akuyang'ana wotchi, n'kupukusa mutu. Anandiuza kuti nditambasule manja kutsogolo, anaikapo pepala pamwamba, pepalalo n'kumanjenjemera ngati tsamba. Anandipatsa madzi kuti ndimeze iye akuyang'ana khosi langa.

"Mayi, mumadya?"

"Kwambiri."

"Koma mukuonda. Tulo mumagona? Kumwezi mukupita bwinobwino?"

Ndinadabwa, chifukwa tulo ndinali nditaiwala, ndipo kumwezi ndinali nditadumpha miyezi ingapo. Zimenezi sindinauzepo munthu. Ndinamufunsa ngati ndi wolosera. Anaseka n'kunena kuti ayi, wangoonapo anthu ena otere. Anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Blantyre kuti akandiyeze magazi.

Kumeneko ndi komwe ndinamva dzina la matenda anga. Dokotala wake anali mayi, ndipo anandifotokozera mofatsa. Ndikulembera monga momwe ndinamvera, uwerenge bwino pamenepa. Anati munthu aliyense ali ndi chithokomiro, kachiwalo kakang'ono kutsogolo kwa khosi, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ntchito yake n'kutulutsa timadzi tina tolowa m'magazi, tomwe timauza thupi liwiro loti liziyendera: mtima ugunde bwanji, chakudya chipsereze msanga bwanji m'thupi, thupi litenthe bwanji. Changa chinkatulutsa timadzito mopitirira muyeso.

"Mwati mumasoka eti?" anandifunsa. "Tangoganizani makina anu akupondedwa mwaliwiro usana ndi usiku, ngakhale pomwe palibe nsalu. Atentha, agwedera, ndipo atha msanga. Ndi zomwe zikuchitikira thupi lanu."

Ndinafunsa ngati ndi matenda omwe aja a amayi ena akumidzi otupa makosi. Anati ayi, ambiri a iwo chimatupa chifukwa chosowa ayodini, uja amathira mumchere. Changa chinali china. Chitetezo cha m'thupi langa lomwe, chomwe chimayenera kulimbana ndi matenda, chinasokonezeka n'kuyamba kuchikolezera chithokomirocho. Ndi chomwechonso chinatong'ola maso. Anati si matenda opatsirana, si chilango, sindinadye kanthu koipa. Amagwira kwambiri akazi kuposa amuna, ndipo amakonda kuyenda m'banja.

Kenako ndinafunsa chomwe chinkandivuta kwambiri.

"Nanga ukaliwu, adokotala? Kale sindinali chonchi."

"Nawonso umabwera ndi matendawa, mayi. Kupsa mtima msanga, nkhawa, kusakhazikika. Ambiri amafika kuno atakangana ndi nyumba yonse."

Ndinalira m'minibasi kuchokera ku Blantyre mpaka kudutsa pa Zalewa. Mayi yemwe ndinakhala naye pampando ankaganiza kuti ndikupita kumaliro. Koma undimvetse, Zione. Sindikulemba izi kuti ndidzichotsere mlandu. Matenda anakoleza moto, inde, koma dzanja lomwe linagwira rula lija linali langa, ndipo ndine amene ndinakana kupita kuchipatala nthawi ikadalipo. Ndikanamvera bambo ako Lamulungu lija, Loweruka la mabatani silikanafika.

Anandipatsa mapiritsi a mitundu iwiri, ena ochepetsa timadzi tija, ena okhazika mtima pansi. Anati ndimwe kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ndizibwera kudzayezetsa magazi. Patatha miyezi inayi ndinali munthu. Ndinanenepa, ndinkagona tulo, ulusi unkalowa pa singano kamodzi n'kamodzi. Ndiye ndinadziuza kuti ndachira, ulendo wa ku Blantyre ukungonditayitsa masiku a ntchito. Ndinasiya mankhwala osauza aliyense. Matenda anabwerera mwakachetechete, ine n'kumadzinamiza kuti ndi kutentha kwa Okutobala. Kenako ndinadwala malungo, ndipo malungowo atakumana ndi chithokomiro cholusacho thupi linatentha kwadzaoneni, mtima unathamanga, mutu unasokonekera. Akuti ndinkaitana dzina lako, ndikuuza anamwino kuti akutsegulire chitseko. Ndinakhala m'chipatala milungu iwiri. Dokotala wa ku Blantyre uja atandiona anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, ena akafika pamenepa sabwerera." Sanandikalipire, koma ndikanakonda akanandikalipira. Mwana wanga, kumva bwino si kuchira. Mankhwala amasiyitsa ndi amene anakuyambitsa. Ndikubwerezanso: amasiyitsa ndi dokotala, osati iwe.

Ndinayambiranso mapiritsi, koma nthawi ino chotupa chinali chitakula ndipo matenda sankagonja bwino. Pomaliza anaganiza zondichita opaleshoni n'kuchotsa chithokomirocho. Chipsera chija ndi chimenecho. Kapiritsi komwe umandiona ndikumwa m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu ndi kolowa m'malo mwa timadzi tomwe thupi langa silipanganso. Ndidzamwa mpaka imfa, ndipo sindidandaula. Ndi kakang'ono kuposa batani la shati.

Kulakwa kwanga kwakukulu kunabwera nditachira. Ndinakusokera yunifolomu yatsopano n'kupita ku Kanduku kukakutenga. Ndili chapatali ndinakuona ukuthamangitsa mbuzi m'munda wa mtedza, utatalika, ukuseka ndi ana a achemwali. Utandiona kuseka kunatha. Unathamangira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinakumva ukunong'oneza kuti, "Amayi a ku Boma abwera." Amayi a ku Boma. Achemwali anakukoka kuti udzandipatse moni. Unagwada patali, maso pansi, manja utabisa kumbuyo.

"Wabwera kudzamutenga?" achemwali anandifunsa.

Ndinayenera kunena kuti inde. Ndinayenera kugwada pomwepo pafumbi n'kukuuza kuti ndinkadwala, ndachira, undikhululukire. Koma manyazi anandigwira pakhosi kuposa chotupa chija. Ndinati, "Ayi, sukulu ya kuno akuchita bwino, asasokonezeke." Ndinasiya yunifolomu n'kubwerera ndekha. Ndinkati ndidzakutenga teremu ya mawa, kenako chaka cha mawa. Unabwera kuno utasankhidwa kupita fomu wani, uli namwali, waulemu ngati mlendo. Zaka zomwe mano ako ankagweruka, zomwe unaphunzira kuluka tsitsi, tsiku lomwe unatha msinkhu, zonsezo anaziona ndi achemwali. Ndimawathokoza, anakulera bwino kuposa momwe ndikanachitira nthawi imeneyo. Koma ndimazifuna zaka zimenezo, Zione. Ndimazifuna tsiku lililonse, ndipo palibe komwe ndingakazitenge. Ukadzalakwira munthu, usadikire kuti manyazi athe kaye. Satha. Udzapite nawo manyaziwo n'kukapepesa.

Tsopano chomwe chandikhazika pakhonde pano. Mwina ndikungoopa chabe, monga munthu amene zinamuonekera. Koma tsiku lomwe unabwera ndi kalata ya kukoleji, unaigwira kuti undiwerengere, ndipo pepala linkanjenjemera. Unati ndi chimwemwe. Siketi yako yabuluu ija wayamba kuimanga ndi pini. Mwezi wathawu, kukuzizira chonchija, unkatsegula zenera. Ndinakufunsa ngati uli bwino, unati, "Ndili bwino, musadandaule," monga umayankhira zonse. Mwina ndi chimwemwe ndithu, mwina ndi kuganiza za ulendo. Ine si dokotala, ndipo zizindikiro zimenezi zimabweranso ndi zinthu zina. Amadziwa ndi magazi basi. Koma ndiwe mwana wanga wamkazi, ndipo matendawa amakonda kuyenda m'banja.

Choncho ndikukupempha, ukafika n'kukhazikika, usadikire mwezi kutha, upite kuchipatala. Ukawauze kuti mayi anga anadwala chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, ndikufuna mundiyeze magazi. Ndaika m'chikwama chako kabuku kanga kakale ka kuchipatala, dzina la matendawa la Chingerezi lili momwemo, ukangowaonetsa. Akakuuza kuti kuyezako kumachitikira kwina, upite kwinako. Ku Karonga aliyense amatuluka thukuta, ndiye thukuta lokha lisakuopse. Koma ukamaonda uku ukudya, mtima ukamathamanga utangokhala, tulo tikamasowa, choko chikamanjenjemera pa bolodi, usanene kuti ndi nyengo. Ndipo ukadzaona kuti ana a sukulu akukupsetsa mtima pa zinthu zazing'ono, uike ndodo pansi, utuluke panja, ukumbukire kalata ino.

Akakupeza ulibe, uyamike Mulungu, koma uzikumbukirabe zaka zikubwerazi, makamaka ukadzabereka, chifukwa akuti ena amawayamba nthawi imeneyo. Akakupeza nawo, usaope. Amachizika. Ine ndine pano, ndikusoka, ndikukwera njinga. Udzamwe mankhwala monga akuuzira ndipo usadumphe tsiku loyezetsa magazi. Pali chinthu chimodzi chomwe anandichenjeza kwambiri: uli pa mapiritsi ochepetsa aja, ukangomva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, usagule panado n'kugona. Tsiku lomwelo uthamangire kuchipatala ukanene mankhwala omwe ukumwa, chifukwa mwa apo ndi apo amafooketsa chitetezo cha m'magazi. Ndipo ukadzafuna kukhala ndi mwana, uyambe wauza dokotala, akonze mankhwala oyenera iwe ndi mwanayo. Usabise khosi ndi mpango ngati ine. Anzako ogona nawo chipinda chimodzi adziwe, kuti tsiku lina ukadzadwala adziwe chokanena.

Bambo ako uziwaimbira foni. Ndikudziwa kuti umaganiza kuti anatithawa. Sanatithawe, ndinawathamangitsa ndine, ndipo chaka chilichonse ankafika ku Kanduku kudzakuona ngakhale pomwe ine sindinkafika. Mayi ako aakulu usawaiwale, mawondo awo ayamba kuvuta. Ine usandidere nkhawa. Nyumba ikhala zii, koma ndinazolowerapo kale kamodzi. Chosiyana n'choti nthawi ino ukuchoka ndili bwinobwino, ndikudziwa chomwe ndikutaya.

Dzuwa lafika pa mtengo wa mango, posachedwa ndikuona ukutsika pa njinga, ndiye ndimalize. Pansi pa kalatayi upeza diresi lobiriwira, loti ukavale tsiku loyamba kuima kutsogolo kwa kalasi. Ndasoka osakuyeza. Anthu a boma lonse lino ndawazunguliza tepi m'chiuno ndi m'mapewa, koma iwe ndinaopa kukupempha kuti uime pafupi nane chotero. Ndangoyeza ndi maso, ukamadutsa ndi ndowa, ukamayanika zovala. Mwina m'mapewa muthina, mwina m'chiuno mukula. Likapanda kukukwana, usakapereke kwa telala wa ku Karonga. Ubwere nalo pa holide, udzaime patsogolo panga, ndidzakuyeze bwinobwino.

Uyende bwino, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Dorika